Batire la njinga yamoto likutha msanga: ndigule lotani, nanga ndilisamale bwanji?

Kabaza_Chinamwali

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Njinga ndi ya 150cc, za ku China zomwe zadzaza m'masiteji muno, ndipo imagwira ntchito ya kabaza pakati pa Chinamwali, Matawale ndi m'tauni ya Zomba, mwa apo ndi apo kutsikira ku Jali kapena ku Kachulu. Batire lomwe lilimo ndi lamadzi, lolembedwa 12N7-3B, ndipo silinakwanitse chaka. M'mawa sitata imangogogoda osazungulitsa injini, hutala ikulira mofooka, maindiketa saphethira mpaka nditaponda moto. Ndikamenya kiki imalira bwinobwino, ndipo masana sitata nthawi zina imagwira. Panjingapo pali tchaja ya foni, kasipika, ndi magetsi awiri owonjezera a LED.

Anzanga pasiteji akundiuza zosiyanasiyana. Wina akuti ndithiremo asidi watsopano, wina akuti ndigule la gel, wina akuti ndigule lalikulu la 9Ah vuto litheretu. Choona ndi chiti? Ndikagula latsopano ndizilisamala bwanji kuti lindikhalitse?

Makaniko_Matawale

Achimwene, musathamangire kugula. Mabatire ambiri omwe amatayidwa asanathe chaka amakhala kuti aphedwa ndi njinga yomweyo, ndipo mukaikamo latsopano osapeza chomwe chinapha loyambalo, nalonso lipita njira yomweyo. Pezani multimeter, mita yoyezera magetsi, ngakhale yobwereka kwa okonza mawayilesi kapena oika masola, muiike pa DC 20V, muyeze katatu.

Koyamba yezani m'mawa, njinga itagona usiku wonse, kiyi ali wothima. Waya wofiira pa pulasi, wakuda pa mainasi. Batire lamadzi lodzaza limawerenga 12.6V kapena kupitirirapo pang'ono. Likawerenga 12.4V latsala ndi magawo atatu mwa anayi, 12.2V latsala theka, 12.0V lili pafupi kutheratu. Mukaona cha m'ma 10.5V ngakhale mutalitchaja, dziwani kuti chipinda chimodzi chafa. Batire la 12V lili ndi zipinda 6, chilichonse chimapereka pafupifupi 2.1V, ndiye chimodzi chikachita shoti mumataya 2V nthawi imodzi. Limenelo silitchajikanso, musavutike nalo.

Kachiwiri, mawaya a mita ali pomwepo, dinani sitata muone pomwe nambala ikugwera. Batire lamoyo silitsika kupyola 9.6V. Likagwera ku 7V kapena 6V chikhalirecho mwangolitchaja kumene, mapuleti ake atha.

Kachitatu ndiye pagona nkhani. Lizani injini, itenthe, kenako pondani moto ngati mukuyenda liwiro lapakati, cha m'ma 4,000 pa geji yoonetsa kuzungulira kwa injini ngati njinga yanu ili nayo. Mita iwerenge pakati pa 13.5V ndi 14.5V. Yatsani getsi lakutsogolo, ma LED aja ndi sipika, muyezenso. Ikatsika pansi pa 13V ndiye kuti mukamayenda batire silikulandira kanthu, likungopereka. Ikakwera kupitirira 15V nthawi zambiri ndiye kuti rekitifaya, kachipangizo kowongolera moto wopita kubatire, yafa ndipo ikuphika batire. Zizindikiro zake: madzi amatha msangamsanga, batire limatentha, limanunkha ngati dzira lovunda, mababu amangopsa.

Za asidi watsopanozo ikanani. Chomwe chimauma m'batire ndi madzi, asidi amatsala momwemo. Mukawonjezera wina amachuluka mphamvu n'kuyamba kudya mapuleti. Batire limaoneka ngati ladzuka kwa masiku angapo, kenako limafa osadzukanso.

Bweretsani manambala atatuwo pano tione.

Waya_Mpondabwino

Zimene anena a Makaniko ndi zoona, yambani ndi kuyeza. Ine ndiyankhe za kusankha, poti mwina mudzafikabe pogula.

Malemba omwe ali pabatire lanu ali ndi tanthauzo, ndipo ambiri ogulitsa salabadira. Pa 12N7-3B, 12 ndi mphamvu yake, 12V. N akutanthauza batire lamadzi lokhala ndi kapaipi kopumira. 7 ndi kuchuluka kwa moto womwe limasunga, 7Ah. 3 akunena momwe mitu yakhalira: mukaliyang'ana mitu ili chakwa inu, mainasi ali kumanzere, pulasi kumanja. B akunena mbali yomwe kapaipi kamatulukira. Ndiye 12N7-4A ndi lofanana kukula, koma mitu yake ndi yotembenuka. Mukagula limenelo mawaya safika, kapena muwakoka mokakamiza, kapena choipitsitsa mulumikiza motembenuza. Mukachita mwayi fyuzi yokha ndiyo ipsa. Ngati wina anachotsa fyuzi n'kumangapo waya wamba, monga zimachitikira panjinga zambiri, rekitifaya imapita pomwepo.

Kukula kwa 12N7-3B ndi pafupifupi 135mm m'litali, 75mm m'lifupi, 133mm msinkhu. YB7L-B limalowa m'malo mwake bwinobwino, L ameneyo akunena kuti mainasi ali kumanzere. Koma musanyengedwe ndi nambala 7 pa YTX7A-BS. Limenelo ndi lalitali 150mm, lalifupi msinkhu, la 6Ah, ndipo m'bokosi mwanu silingalowe. Njira yosavuta ndi kunyamula batire lakale popita kusitolo, kapena kupita ndi njinga yomwe, mukayerekeze pomwepo.

Za 9Ah: 12N9 ndi lofanana m'litali ndi m'lifupi koma ndi lotalikirapo pafupifupi 6mm, ndiye m'njinga zina limalowa. Silingawononge chilichonse bola mitu ikhale mbali yoyenera, chifukwa 12N9-4B-1 lomwe limapezeka kwambiri lili ndi pulasi kumanzere. Koma silichiza vuto la tchaji. Ngati njinga ikulephera kudzaza la 7Ah, la 9Ah ndiye ingalithe? Lingochedwerako kufa.

Mitundu yomwe mungaipeze ndi itatu. Lamadzi ndi lotsika mtengo, mumaona madzi ake ndi maso, koma limafuna kuliyang'anira. Lomata, lija amati MF kapena AGM, asidi ake anamwetsedwa m'timphasa ta galasi pakati pa mapuleti. Silitayikira njinga ikagwa, limapirira kugwedezeka, ndipo likakhala osagwira ntchito silitaya moto msanga. La gel lenileni asidi ake ndi olimba ngati phala, ndipo silifuna kutchajidwa mopitirira. Ambiri otsika mtengo olembedwa GEL pabokosi amakhala omata wamba, dzinalo ndi lokopera ogula. Si oipa ayi, koma musalipire zambiri chifukwa cha dzina. A lithium asiyeni, ndi odula ndipo amafuna rekitifaya yodalirika kuposa zomwe zili panjinga zathuzi.

Kwa njinga yoyenda msewu wa mabampu ngati wa ku Kachulu, ine ndingasankhe lomata.

Muli m'sitolo chitani izi. Lomata lomwe linadzazidwa kale muliyezetse musanapereke ndalama: likhale 12.6V kupita m'mwamba. Likawerenga pansi pa 12.4V lakhalitsa pashelefu, funsani lina. Ngati pali mabatire awiri ofanana kukula, anyamuleni m'manja. Lolemera ndilo lili ndi mtovu wambiri, ndipo mtovuwo ndiwo mukugula. Onani ngati timabawuti ndi tinati take tilimo. Tengani lisiti lolembedwa tsiku, ndipo mufunsiretu kuti likafa m'miyezi ingati angakusinthireni.

Kabaza_Chinamwali

Zikomo akuluakulu. Ndayeza. M'mawa 12.1V. Podina sitata inagwera ku 8.4V. Injini ikulira ndaponda moto 13.4V, koma nditayatsa magetsi onse ndi sipika inatsika kufika 12.5V. Madzi m'zipinda ziwiri ali pansi pa mzere wam'munsi. Tchaja ya foni inalumikizidwa molunjika kubatire, kagetsi kake kamayaka ngakhale kiyi nditachotsa.

Makaniko_Matawale

Basi, manambalawo anena zonse. Pali mavuto atatu ophatikizana.

Loyamba, njinga ikutchaja mofooka, ndipo katundu mwaisenzetsa ndi wambiri. 13.4V popanda magetsi ndi ya m'malire kale. 12.5V magetsi atayaka ndiye kuti usiku wonse mumayendera moto wa batire. Koyilo ya njinga zing'onozing'onozi, yomwe imapanga moto mu injini, inapangidwa kuti ikwanitse magetsi omwe njinga inabwera nawo n'kutsalako pang'ono potchajira. Ma LED awiri a 10W lililonse amakoka pafupifupi 1.6A, ndipo pamenepo sipika sitinaiwerengere. Onjezani kayendedwe ka kabaza wa m'tauni: kuchoka kudepoti kukafika ku Mpondabwino kapena ku Chikanda ndi mphindi zochepa, injini ikuyenda pang'onopang'ono, kenako kuthimitsa, kenako sitata. Sitata imakoka ma amp makumi angapo pakanthawi kochepa, ndipo ulendo waufupi chotero subweza zomwe yatenga.

Musanagule rekitifaya yatsopano yambani ndi zotsika mtengo. Masulani mitu ya batire muipale mpaka iwale. Tsatirani waya wa mainasi mpaka pomwe wamangidwa pa felemu kapena pa injini, mumasule, muchotse dzimbiri, mumangenso. Tsegulani kabokosi ka fyuzi, nthawi zambiri timapeza timano take tachita dzimbiri kapena tafooka. Kenako zulani pulagi ya rekitifaya muione mkati. Ikakhala yakuda, yosungunuka kapena yobiriwira, moto ukutayikira pamenepo. Nthawi ya dzinja matope ndi madzi zimalowa m'mapulagi amenewa, makamaka kwa otsuka njinga pamtsinje.

Mukatero yezaninso. Ngati sizinasinthe, yezani koyilo. Panjinga zambiri za mtundu umenewu rekitifaya imakhala ndi mawaya 5: wachikasu ndi wapinki ochokera kukoyilo, wofiira wopita kubatire, wobiriwira wa earth (wa mainasi), ndi wakuda wochokera kuswitchi ya kiyi. Zulani pulagi, ikani mita pa AC 200V pakati pa wachikasu ndi wapinki, lizani injini ndi kiki. Iyambire cha m'ma 15V kapena 20V injini ikungolira payokha, ndipo ikwere kupitirira 40V mukaponda moto. Ikakwera choncho koyilo ili bwino, wolakwa ndi rekitifaya. Ikakhala pansi osakwera, koyilo yapsa. Mitundu ya mawaya imasiyana panjinga zina, ndiye tsatirani omwe akuchokeradi mu injini.

Waya wakuda uja musamunyoze. Ndi amene amauza rekitifaya kuti batire lili pati. Switchi ya kiyi ikachita dzimbiri, wayayo amanena nambala yotsika, rekitifaya n'kumatchaja mopitirira. Anthu amasintha rekitifaya kawiri katatu vuto lili muswitchi.

Lachiwiri ndi tchaja ya foni ija. Yezani chomwe ikuba: kiyi wothima, masulani waya wa mainasi, ikani mita pa 10A pakati pa mutu wa batire ndi wayayo, kenako mutsitse ku mA. Musadine sitata mita ili pamenepo, ipsa. Njinga yopanda alamu siyenera kupitirira 1mA kapena 2mA. Tiyerekeze kuti yanu ikukoka 20mA: pa maola 24 ndi pafupifupi theka la Ah, ndiye pa sabata imodzi batire la 7Ah latsala theka njinga ili chiimire. Isamutseni, ilumikizidwe kuwaya womwe umalandira moto kiyi akatsegulidwa, ndipo ikhale ndi fyuzi yakeyake ya 2A kapena 3A. Ma LED nawo akhale ndi switchi yawo, muziwayatsa pamsewu wamdima wokha, osati m'tauni.

Lachitatu ndi batire lenilenilo. Lakhala nthawi yaitali losadzaza, ndipo batire lotere limamera zoyera zolimba pamapuleti zomwe zimakana tchaji. Mbali ya mapuleti yomwe yakhala pamtunda popanda madzi nayo yawonongeka. Liyeseni komaliza: thirani madzi a batire (distilled water, osati asidi) mpaka mzere, litchajeni pang'onopang'ono usiku wonse, lipume maola angapo, muyezenso. Likagwerabe pansi pa 9.6V podina sitata, gulani lina. Koma mugule mutakonza tchaji.

Mlimi_Chingale

Ndisiyane pang'ono ndi a Waya pa nkhani ya lomata. Kumtunda kwanuko, ku Chawe kapena m'tauni, kumazizirirako. Kuno kumunsi kwa phiri, ngakhalenso kufupi ndi nyanja ya Chilwa, Okutobala ndi Novembala kumatentha kwambiri, ndipo kutentha ndiko kumafupikitsa moyo wa batire kuposa kuzizira. Lomata likaphikidwa ndi rekitifaya yoipa limauma mkati, limatupa, ndipo palibe chomwe mungachite. Lamadzi limakuchenjezani: mukaona madzi akutsika msanga mumadziwa kuti pali vuto, mumawonjezera, mumakonza njinga, batire n'kupulumuka. Ndiye kwa munthu wosamala, yemwe rekitifaya yake ndi yokayikitsa, lamadzi si loipa. Kwa amene satsegula konse chivundikiro cha m'mbali, lomata ndilo lomuyenera.

Kuzizira kwa Juni ndi Julayi sikupha batire, kumangoulula lomwe linafooka kale. Oyilo amalimba, injini imalemera, batire nalo limapereka moto wochepa. N'chifukwa chake ambiri amagula mabatire nyengo yachisanu.

Kasamalidwe ka lamadzi nkosavuta. Onani madzi kamodzi pa masabata awiri nthawi yotentha, kamodzi pamwezi nthawi zina. Njinga iime mowongoka, madzi akhale pakati pa mizere iwiri ija. Thirani madzi a batire okhaokha, ogula m'botolo kumalo omwetsera mafuta kapena m'masitolo a zipangizo. A pamjigo, a pachitsime ngakhale a pampopi ali ndi mchere ndi zina zosaoneka zomwe zimawononga mapuleti pang'onopang'ono. Jakisoni wopanda singano amathandiza kuthira osataya. Musapitirire mzere wam'mwamba, chifukwa batire likatentha asidi amasefukira n'kudya felemu.

Kapaipi kopumira kaja kasapindike, kasatsekeke ndi matope, ndipo katsikire pansi kutali ndi tcheni. Kakasowa, asidi amadonthera pa tcheni ndi pa felemu. Kakatsekeka, mpweya umadzazana mkati mpaka batire kung'aluka.

Zoyera kapena zobiriwira zomera pamitu zichotseni ndi soda yemwe timathira m'therere: supuni yaing'ono imodzi m'kapu ya madzi ofunda, ndi mswachi wakale. Zitsekero zikhale zotseka, chifukwa soda akalowa mkati amapha asidi. Pukutani, mangani mawaya, kenako pakani Vaseline kapena girisi pang'ono pamwamba. Pamwamba pa batire pazikhala pouma, fumbi lonyowa limadutsitsa moto pakati pa mitu.

Lamba womanga batire akaduka musayende choncho. Batire logubuduka m'bokosi limagwetsa zam'mapuleti ndipo mitu imasweka. Dulani chubu chakale mumange nacho, pansi muyalepo kachidutswa ka labala.

Waya_Mpondabwino

A Mlimi anena zomveka, sinditsutsa. Ndiwonjezere za tsiku logula, poti pamenepa ndi pomwe mabatire ambiri amalumalira asanayambe n'komwe ntchito.

Batire lamadzi latsopano limabwera louma, asidi ali padera. Chotsani kachitsekero ka pakapaipi kopumira musanathire. Thirani asidi mpaka mzere wam'mwamba, lisiyeni kwa mphindi 30 mpaka ola limodzi kuti mapuleti amwe. Litenthako ndipo madzi atsika, ndiye onjezerani asidi yemweyo kufika pamzere. Aka ndi komaliza kuthira asidi m'moyo wa batirelo. Kenako litchajeni lisanalowe m'njinga. Longothiridwa n'kuikidwa pomwepo limakhala ndi moto pafupifupi magawo 80 pa 100, ndipo panjinga yotchaja mofooka ngati yanuyi silidzafikanso pamwamba. Lomata lokhala ndi BS kumapeto kwa dzina limabwera ndi timabotolo 6 tolumikizana: tizondotseni pamabowo, asidi alowe yekha mpaka tithe, dikirani chimodzimodzi, tsekani ndi chitsekero chake kamodzi kokha, ndipo musadzatsegulenso.

Mlingo wotchajira ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a Ah. La 7Ah likufuna 0.7A, la 5Ah likufuna 0.5A, kwa maola 5 mpaka 10 malinga ndi momwe latsikira. Apa chenjerani ndi malo otchajitsa mabatire a galimoto ndi a m'nyumba. Makina awo amatha kukankha 6A kapena 10A, ndipo kabatire ka njinga kamawira, mapuleti n'kupindika. Afunseni ngati makinawo amatsika kufika 1A. Likatentha moti dzanja silikupirira, lichotseni. Sola nayo musalumikize molunjika: panelo ya 12V imatulutsa 18V kapena kuposa padzuwa, imafuna kontirola pakati.

Potchaja batire limatulutsa mpweya woyaka. Litchajireni pamalo opita mphepo, kutali ndi mbaula, kandulo ndi fodya, ndipo zimitsani tchaja musanachotse mawaya. Pomasula panjinga yambani ndi mainasi, pomanga malizani ndi mainasi. Mukayamba ndi pulasi, sipanala ikakhudza felemu imathetheka moto. Asidi akagwera m'maso tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 osalekeza, kenako thamangirani kuchipatala.

Kulizira kugalimoto ndi kotheka ngati batire lake nalo ndi la 12V, koma injini ya galimotoyo ikhale yothima. Ndipo poti njinga yanu imalira ndi kiki, musakopeke kuchotseratu batire n'kumayenda popanda. Batire limathandiza kukhazika moto pamlingo umodzi. Popanda ilo moto umakwera ndi kutsika, mababu amapsa, rekitifaya imatentha.

Makaniko_Matawale

Achimwene a ku Chinamwali, zizolowezi ziwiri zikuthandizani kwambiri pantchito yanuyo. M'mawa lizani ndi kiki, sitata muziigwiritsa ntchito injini ikatentha. Podina sitata musapitirire masekondi 5, ikakana dikirani masekondi 10 kapena 15, ndipo ikakana katatu funani vuto ku pulagi, mafuta kapena kabuleta m'malo mokhetsa batire. Njinga ikaima kupitirira masabata awiri, masulani waya wa mainasi, ndipo muzilitchaja kamodzi pamwezi.

Lakalelo musalitaye kudzala kapena kuliswa kuti mutengemo mtovu. Mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana, ndipo asidi akathiridwa pansi amalowa m'nthaka ndi m'madzi. Lisiyeni lotseka, loimirira, mukagulitse kwa ogula zitsulo zakale kapena mufunse kusitolo ngati amalandira akale.

Mukamaliza kupala mitu, kukonza earth ndi kusamutsa tchaja ija, yezaninso injini ikulira magetsi onse atayaka. Tikufuna 13.5V kupita m'mwamba. Ikakanirira pansi pa 13V, lembani nambala ya AC ya kukoyilo ndi mitundu ya mawaya a papulagi, tikuuzeni choti musinthe pakati pa koyilo ndi rekitifaya.